Chidendene M'masipoko

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga, ntchito yawo ndi yoona za chitetezo pakampani yomanga nyumba zosanja. Kuntchitoko anawapatsa dzina loti a Silinunkha, chifukwa sangamalize chiganizo osanena kuti tsoka silinunkha. Anabwezapo mmisiri pageti chifukwa cha lamba wa chipewa womasuka.

Pokwera njinga yawo amachita kuvala ngati akukwera chombo chopita kumwezi: chipewa cholimba, magolovesi, kajekete konyezimira, mpaka kachingwe komangira mwendo wa buluku kuti usakodwe m'tcheni. Akatha zonsezo amanyamula mwana wawo wamkazi wa zaka ziwiri ndi theka, n'kumukhazika pakaliyala ngati thumba la makala, timiyendo tili lendelende.

"Gwira malaya a adadi," amatero, basi ulendo wa kusukulu ya mkaka wayamba.

Achemwali analankhula mpaka malovu kuuma. "Bambo a mwana, wokonza njinga pakona paja ali ndi timipando ta ana, tokhala ndi lamba ndi popondera. Kamangitseni kamodzi."

"Mayi, inu mukufuna kuphunzitsa ine za chitetezo? Satifiketi zili pakhomazi mukuziona ngati makalendala?"

Chifukwa chenicheni ndinachimva ine tsiku lina akupukuta njingayo. Akuti kampandoko kangaipitse maonekedwe, anthu azidzati ndi njinga ya mlezi.

Lachiwiri lina m'mawa ine ndinali pambuyo pawo, ndikupita pokwerera basi. Pamtsetse wa pafupi ndi chigayo mwana anaona galu, n'kutembenuka kuti amuloze. Phazi linalowa m'masipoko. Kansapato kanathothoka n'kugwera uko, mwana analira kulira komwe sindidzakuiwala. Alamu anatsika, ndipo ndikulumbira, anayamba awerama kuona tayala.

"Alamu! Mwana ali uku!" ndinakuwa.

Chidendene chinali chitasupuka, magazi chuchuchu. Ndinamunyamula ine. Iwo ankathamanga pambuyo akukankha njinga, nkhope itachita phulusa. Apo ndinawamvera chisoni pang'ono. Pang'ono ndithu.

Kuchipatala anesi anatsuka bala, nati mwamwayi fupa silinathyoke. Akumanga bandeji anawayang'anitsitsa alamu, kuyambira kuchipewa mpaka kukachingwe ka kumwendo.

"Bambo, si inu munabwera kuno mwezi watha kudzatiphunzitsa kukwera makwerero? Munatisunga maola atatu."

"Ndi ine," anayankha, mawu ngati a udzudzu.

"Ndiye mutu wanu ndi wa galasi, wa mwanayu ndi wa chitsulo? Kachipewa kake kali kuti? Mapazi amaponda pati?"

Amayi omwe anali pabenchi anasiya kutonthoza ana awo, makutu onse kuno. Wina anachita kuseka mokweza. Alamu anavula chipewa n'kuchibisa kumbuyo.

Achemwali atatipeza kunyumba sanakalipe. Anamupsompsona mwana, anamugoneka, anandisiyira ine. Madzulo ake anatulutsa njinga panja.

"Tiyeni kwa wokonza njinga. Ndipalasa ine. Inu khalani pakaliyala."

"Aa, mayi, anthu aziti chiyani?"

"Gwirani malaya anga."

Anakwera. Ine ndinaima pageti ndi mwana m'manja kuti ndisaphonye kanthu. Bambo wamkulu wa ndevu zake, matako akumenyeka pazitsulo pabampu iliyonse, miyendo atatangadza ngati chule kuopa masipoko, akukuwa, "Pang'onopang'ono, mayi! Pali dzenje apo!" Achemwali dzenjelo analilowa dala. Ometa tsitsi anatuluka m'shopu ndi makasitomala awo, mitu yometedwa theka, kudzaonerera.

Wokonza njinga anamanga kampando, n'kutchinga tayala la kumbuyo mbali zonse ziwiri, n'kuwauza kumene angapeze kachipewa ka saizi ya mwana. Akuti sanawaseke, anangofunsa ngati nawonso akufuna popondera.

Bala linapola patatha milungu itatu, koma chipsera chilipo. Mwanayo anatenga mwezi wathunthu akukana kuyandikira njinga. Aphunzitsi ake atamufunsa chomwe chinachitika kuphaziko, anawauza kuti njinga ya adadi imaluma, ndipo adadiwo anali pomwepo koma sanaimenye.