Thanki ya Kuseri kwa Mapaipi

Kansomba kophwathalala kakakwanitsa mwezi, diso lake limodzi limayamba ulendo. Limakwera pamphumi pang'onopang'ono n'kukakhala pambali pa linzake, ndipo kansombako kamatsikira pansi n'kugona chammbali moyo wake wonse. Merrin Pybus anali ataona zimenezi zaka zitatu pamalo oswetsera nsomba kum'mawa kwa Tasmania, koma mtima unkamugundabe.

Chimene ankadana nacho chinali Lachinayi, tsiku losankha. Kansomba kamene diso laimira panjira, kapena kotuwa msana, kankaponyedwa m'madzi oundana. Linali lamulo la Dougal Triffitt, woyang'anira wosaseka, amene Merrin ankamuba ndi maso tsiku lililonse.

Choncho Merrin anali ndi chinsinsi. Kuseri kwa mapaipi kunali thanki yakale yoiwalika, ndipo Lachinayi lililonse ankabisamo tinsomba totere tiwiri titatu. Ankadziwa kuti Dougal akangotulukira, tonse tifa, iyenso ntchito imuthera.

M'mawa wina anapezamo kansomba koyera mbuu kamene iye sanaikemo. Pansi pa thanki panali pathiridwa mchenga wosefa bwino. Wina ankadziwa!

Lachinayi masana, anzake atapita kukadya, Merrin anabisala kuseri kwa mapaipi aja. Anamva majombo, phwa, phwa, phwa. Anali Dougal, atanyamula kapu yovundikira ndi chipewa. Anasuzumira uku ndi uku ngati wakuba, kenako anavundukula.

"Bwana, tiyi wanuyo akusambiratu," anatero Merrin.

Dougal anadzidzimuka, madzi n'kutayikira pajombo.

"Aa, inunso! Mumachita kunyang'ama ngati mphaka bwanji?"

"Nanga lamulo lanu lija?"

"Lamulo ndi la mathanki akutsogolo. Kuno ine sindinafikeko."

"Ndiye simundichotsa ntchito?"

"Ndikuchotseni, azitidyetsa ndani tinsomba tanuti?" Anakanda m'mutu, makutu atafiira. "Komatu mukutidyetsa mopitirira. Miyezi iwiri tsopano ndikusinthirani madzi, inu osazindikira."

Dougal anapatsa Merrin kapu ija. Zala zawo zozizira zinakhudzana, ndipo palibe anafulumira kuchotsa dzanja. Anaipendeketsa limodzi pamwamba pa thanki. Kansomba kanatsetsereka n'kukagona pamchenga, diso lake limodzi litaima pakati penipeni pa mphumi, likuyang'ana m'mwamba kumene kunali awiriwo.