Tepi Yotsiriza ya Kachipewa

Tepi yotsiriza inafika pa Migowi Lachinayi, ndipo a Tobias anali oti asudzulidwa Loweruka.

A Tobias anali mkamwini. Kwawo kunali kuseri kwa Chiringa, koma anadzakwatira a Belita m'mudzi wina pafupi ndi msika wa Migowi, namanga nyumba pamalo a akazi awo monga achitira amuna ambiri kuno. Tsopano a Belita anali atagona kumanda chiyambire mvula yoyamba, ndipo abale awo anagwirizana zoti mkamwini amasulidwe, atenge njinga yake, wailesi ndi zovala, abwerere kwawo. Panalibe chidani. Ndi mmene zimakhalira.

Koma panali mlandu umodzi umene banjali linasiya osagamula.

Unayamba pamene Bashiri, mwini nyumba ya vidiyo kuseri kwa msika, anabwera kuchokera ku Limbe ndi matepi a katuni ya ku Japan. Iye anagulira ana. Ana anaonera tsiku loyamba lokha, kenako akuluakulu anawalanda mabenchi. Zidolezo zinkalankhula Chijapani chokhachokha, chimene panalibe ndi mmodzi yemwe wochimva pa Migowi, koma zimenezi sizinaletse aliyense kudziwa bwinobwino zomwe zikukambidwa. Mayina anazipatsa okha. Mnyamata wa tsitsi losongoka anali Khonje. Mnzake wa pamtima, wosaseka, wovala chipewa chachikulu ngati lichero, anali Kachipewa. Ndiye pa tepi ina Kachipewa anatembenuka mvula ikugwa, nasiya anzake, nakalowa gulu la adani.

Migowi inagawanika pawiri. Inali nthawi ya matipate, anthu atangophunzira kuti ukhoza kutsutsa poyera n'kudzukabe m'nyumba mwako, choncho ankatsutsa chilichonse. Mbali ina inati Kachipewa wagulidwa, ngati phungu wosintha chipani. Inayo inati wapita dala kukazonda adani ndipo adzabwerera. A Tobias, amene anagwirapo umesenjala kukhoti ndipo ankati malamulo amawadziwa kuposa majisitireti amene ankamunyamulira mafayelo, anakhala wapampando wa mbali yoyamba. Anadzisankha okha, koma zinayenda mwamtendere.

A Belita ankagulitsa kalongonda wophika pakhomo pa vidiyoyo, ndipo ankaonera pampata wa chinsalu cha pakhomo, theka la sikirini basi.

"Theka lomwelo landikwanira," ankatero. "Mwanayo pochoka sanayang'ane mnzake kumaso. Wakuba amakuyang'ana kumaso, amakusekerera. Uja amabisa misozi."

"Umenewo si umboni, mayi. Kukhoti angakusekeni."

"Kukhoti kwake kuti? Kumene munkakolopa kuja?"

"Ndinkasunga zikalata za boma!"

"Ee, ndi chikolopa m'manja."

Ankakangana njira yonse yobwerera kunyumba, a Belita mphika uli pamutu, a Tobias akukankha njinga. Poyamba anthu a m'mudzi ankayesa banja likutha, mpaka ankhoswe anaitanidwa. Ankhoswewo atamva nkhani yake, mmodzi analowa mbali ya a Belita.

Matepi anadukiza. Bashiri anati wogulitsa wa ku Limbe akuyembekezera ena, ndipo m'miyezi yodikirayo a Belita anayamba kutsokomola. Mawu atachepa, ali pamphasa, anakodola amuna awo. A Tobias anawerama, akuyesa amva za ana kapena za munda.

"Tepi ija ikadzabwera mudzandiuze," anatero a Belita. "Ndipo musadzakhotetse nkhani. Ndimakudziwani."

Lachinayi limenelo m'nyumba ya vidiyo munadzaza mpaka ena anakhala pamiyendo ya adani awo. Pakhomo panali mayi wina wogulitsa zitumbuwa. A Tobias anadutsa osamuyang'ana.

Khonje anamenyedwa koopsa, anagwa m'matope, magazi chuchuchu. Chimphona cha adani chinakweza mkondo waukulu ngati mtengo wa magetsi. Mkondo uja potsika, pakati panaima munthu. Chipewa chinagubuduka n'kukaima patali. Khonje anamunyamula mnzakeyo, akulira misozi yochuluka yoti n'kuthirira dimba, ndipo Kachipewa anamwetulira koyamba chiyambire matepi onse, natseka maso.

Phokoso linadzuka ngati pamsonkhano wa chipani.

"Amuchotsa ntchito kumeneko!" anakuwa Thomson telala, mlembi wa mbali ya a Tobias. "Wabwera kudzapempha malo ake akale!"

"Anaterereka! Simunaone matope? Sanafune kuima pamenepo!"

"Bwezani tepi, Bashiri, tione mapazi!"

Bashiri anabweza. Mapazi sanathandize mbali iliyonse. Onse anatembenukira kwa wapampando kuti agamule.

A Tobias anaimirira, namanga batani la jekete monga ankachitira akamalowa kwa majisitireti.

"Mlandu watha," anatero. "Mayi aja awina."

"Wagulidwanso wapampando!" anakuwa Thomson, koma anakuwa yekha. Ena onse anali atakumbukira kuti mayi ake ndi ati, ndipo anawapatsa njira a Tobias.

M'mawa mwake anapita kwa alamu awo a Hector, mchimwene wa a Belita, mwini mbumba ndiponso mkulu wa mpingo. Anawapeza akusenda chinangwa cha makaka.

"Alamu, ndikupempha chilolezo. Ndikufuna kulowa kumanda."

A Hector anaika mpeni pansi. "Kumanda salowako ngati kugolosale, alamu. Pakhale maliro kapena chiliza. Munthu woti mawa mukuchoka, mukufuna anthu azinena kuti munakatengako chiyani?"

"Sindikutenga kanthu. Ndikukasiya uthenga."

"Uthenga wanji?"

A Tobias anafotokoza zonse, kuyambira pa Khonje. A Hector anatolanso mpeni wawo.

"Zidole," anatero.

"Ndinalonjeza."

"Munthu wa msinkhu wanu. Mawa tikusudzulani mwaulemu, musatichititse manyazi."

Mwambo wa Loweruka sunatenge nthawi. Anawayamikira kuti anali mkamwini wolima, wosamwa kwambiri, wolongolola pang'ono. Anawauza kuti tsopano ndi mfulu, akhoza kukwatira kulikonse. A Tobias anathokoza chifukwa cha ufuluwo. Anamanga katundu panjinga nauyamba ulendo.

Njira ya ku Chiringa imadutsa m'mbali mwa manda a mudziwo. Pamene udzu uthera ndi kuyamba mitengo, a Tobias anaimika njinga. Anaonetsetsa kuti nsapato zonse ziwiri zili kunja kwa malire, pakuti lamulo ankalidziwa. Anakonza kukhosi.

"Mayi, ndine. Ndabwera ndi chigamulo."

"Apo mukuuza amalume athu," anatero mawu kumbuyo kwawo. "Amenewo anali ogontha ali moyo."

Anali a Hector, atavala malaya a kutchalitchi. Sanawayang'ane kumaso.

"Achemwali ali kumunsi, pafupi ndi mkuyu. Tiyeni tizungulire, alamu."

Ulamu unali utatha m'mawa womwewo, koma panalibe dzina lina loitanirana. Anazungulira m'munda wa chinangwa, mmodzi patsogolo wina pambuyo, mpaka pamene mtumbira wa dothi lofiira unaonekera pakati pa mitengo, nkhata zake zitauma. A Hector anabwerera pang'ono, nayamba kuyang'ana masamba a chinangwa ngati awona matenda.

A Tobias sanakhotetse nkhani. Ananena za matope, za mkondo, za chipewa chogubuduka. Ananena kuti Thomson akuti munthuyo anaterereka, koma Thomson ndi telala. Ananena kuti Kachipewa anamwetulira.

"Anabwerera, mayi. Munalondola ndinu. Ine ndinalakwa, ndipo ndavomera pagulu."

Kenako anangoima, mutu atapendeketsa, monga achitira munthu amene wamaliza mbali yake ndipo akudikira ya mnzake. Mphepo inadutsa mumkuyu. Kutali, kumsika, kondakitala wa minibasi ankaitanira anthu a ku Limbe.

A Hector anadikira mpaka mthunzi unachoka pamapazi awo.

"Dzuwa likukwera, alamu. Ku Chiringa n'kutali."

"Dikirani pang'ono," anatero a Tobias, maso ali pamtumbira. "Aja sachedwa kuyankha."