Mapesi a Lastone

Atachotsedwa ntchito ku fakitale ya feteleza, Lastone anapeza kamunda kuseri kwa Nangongwe, koyandikana ndi munda wa Dainess, mayi wamasiye wogulitsa kapenta. Feteleza anali atakwera mtengo boma litasiya kuthandizapo, koma Lastone sanasiye matama. Zaka khumi ndi zisanu akusenza matumba, angaphunzitsidwe ulimi ndi wakapenta?

Munda wa Dainess unkamunyansa. Mapesi ali mbwee, kalongonda atayanga paliponse, osatentha, osasesa. Koma chimanga chake chinali chobiriwira mochititsa kaduka, pamene cha Lastone chinali chopinimbira, masamba ofiirira m'mphepete. Matendawo ankawadziwa bwino: njala ya fosiforasi, chakudya cha mizu chimene kale ankachinyamula pamsana. Kudziwako kunangowonjezera kuwawa kwa mtima.

Nsanje inamupatsa nzeru. Akakolola, ankasesa munda wake mpaka kuyera ngati bwalo, n'kukataya mapesi onse kwa Dainess kuti chiswe chimuthere mbewu. Anachita zimenezi zaka zitatu, akuseka chamumtima.

Chaka chachinayi ufa unatha m'nyumba mu Januwale. Winfrida, mkazi wake, anati akapalira kwa Dainess kuti alandireko chimanga.

"Ukapita kuja, usabwele!" anakalipa Lastone. "Uja ali na mankhwala."

Kutsutsa galu n'kukumba. M'mawa mwake anatenga khasu kukafukula mankhwalawo pamalire, pomwe chimanga cha Dainess chinatalika koposa. Anapeza dothi lakuda, lofewa, lodzaza nyongolotsi ndi zidutswa za mapesi owola. Anakumbanso mbali ya munda wake, khasu linangolira pouma.

"Mwauka shani, ba Lastone?" Anali Dainess, ataima kumbuyo kwake. "Nenze kufuna kumuyamikani. Alangizi anakamba ati vinyalala vikaola, vimamasula fosiforasi yamene doti inagwila. Pano pamene mumanitaila mapesi ndiye pamabala maningi."

Analankhula mosaseka n'komwe, ndipo zimenezo ndizo zinamupweteka kwambiri Lastone. Zaka zitatu ankasenza chakudya cha ana ake pamutu, kukapatsa munthu amene ankamuda.

Akubwerera anakumana ndi Winfrida panjira, mkaziyo ali ndi khasu paphewa, thumba lopanda kanthu m'manja. Lastone anangopatuka kuti mkazi wake adutse.