Belu la Tsiku Lopanda Mthunzi

Mumzinda wa Pontianak muli masiku ena, mu Malichi ndi mu Seputembala, amene dzuwa limaima paliwombo penipeni, mthunzi wa munthu n'kulowa kunsi kwa mapazi ake. Bambo Hamdan sankaphonya mphindi imeneyi chiyambire ubwana wawo. Koma maso atasiya kuona, ankangokhala pakhonde n'kumafunsa odutsa kuti, "Wapita kale?"

Mwana wawo Rukiah anali ndi nthenda yokonda kuseweretsa timawaya ta magetsi. Adalumikiza kabolodi ka zamagetsi kochepa ngati bokosi la machesi ku belu la njinga, kuti lizilira mthunzi ukangosowa. Mu Seputembala kadamuchititsa manyazi. Kabolodiko kamawerenga nthawi ndi kamwala kamene kamanjenjemera m'kati mwake, ndiye iye adakasiya miyezi kukhitchini, pafupi ndi pokazingira nthochi. Kamwalako kakamatenthedwa kamachita ulesi. Belu lidalira mthunzi utatulukira kale kum'mawa, mkuluyo n'kuomba m'manja yekhayekha.

"Wotchi yakoyi ndi mlamu wanga weniweni," adatero Darwis, mchimwene wake wa Rukiah. "Amafika paukwati anthu akutsuka mbale."

Rukiah zidamuwawa, osati chifukwa cha Darwis, amene pakamwa pake sipatsekeka, koma chifukwa cha m'manja muja mwa bambo ake. Adapeza kachipangizo komvera nthawi yeniyeni kumasetilaiti n'kukamangirira pansungwi yoyanikira zovala. Kanyali kake katayamba kuphethira, sekondi iliyonse kamodzi, iye adakhala pansi. Adachita nthumanzi poganiza kuti kumwamba uko kukuyandama mawotchi amene sadzawaona, ndipo akulankhula ndi kabolodi kake pakati pa matawulo.

Tsiku la mu Malichi lidafika. Anansi anali pabwalo, kuyesa kuimika mazira pasimenti monga amachitira chaka chilichonse. Rukiah adaimika botolo la sosi, n'kuwatsogolera bambo ake padzuwa.

"Usandiuze kanthu," adatero iwo. "Ndimve belulo."

"Mukamva mawa musadandaule, Bambo," adatero Darwis.

Rukiah adagwada pasimenti. Maso ake anali pamthunzi wa botolo, umene unkafupika ngati madzi akuuma pamwala. Belu likachedwanso, ndiye kudikira mpaka miyezi isanu ndi umodzi, ndipo miyendo ya mkuluyo inali itayamba kale kukana. Mthunzi udatsala ngati chikhadabo, kenako udalowa pansi pa botolo. Nthawi yomweyo belu lidalira.

Anansi adasiya mazira awo n'kuyang'ana pansi. Ngakhale Darwis adaiwala kuti ali ndi pakamwa. Rukiah thupi lonse lidachita tsembwe: dzuwa, masetilaiti ndi belu la njinga yakale zidagwirizana pakhomo pawo.

Bambo Hamdan adavula chipewa, n'kuika chikhato padazi pawo.

"Lili pompano," adanong'ona. "Wanganso wapita?"

"Wapita, Bambo."

Rukiah adafuna kuwagwira mkono kuti abwerere pakhonde, koma iwo adakana.

"Tandisiya kaye, mwanangu. Ndikasuntha ndiudzutsa."