Msewu wa Kutsidya kwa Mlatho

Munthu akafa amasiya zovala, amasiya nsapato, ena amasiya ana a kutchire. A Uledi anasiya foni. Akanasiya njoka m'nyumba, bwenzi Zulaika, mkazi wawo, ataiphwanya mutu ndi musi tsiku lomwelo. Koma foni ungaiphe bwanji?

A Uledi anali dalaivala wa minibasi, Luchenza mpaka Limbe, kufikira sitiroko inawagwira n'kuwaumitsa mwendo wa mabuleki. Kuyambira pamenepo malo awo anali pakhonde, nkhope kuloza kuminda ya tiyi, foni m'manja. Mnzawo wina wa pa siteji anawaikira gemu yoyendetsa minibasi. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kupendeketsa foni uku ndi uku ngati chiwongolero, kutukwana magalimoto a m'kagalasi! Zulaika ankanyamuka ndi beseni la mandasi kukagulitsa kwa othyola tiyi pa sikelo yoyezera tiyiyo, pobwera n'kuwapeza ali pomwepo. Ankakalipa mpaka kummero kuuma. Iwo kuseka basi.

"Mayi a Iman, musandisokoneze, ndanyamula anthu."

Mu gemumo msewu unkathera pa mlatho. Pamenepo panali chitsulo chopingasa, kutsidya nkhungu yokhayokha. Gemuyo inkati kuti chitseguke ugule gawo lowonjezera, ulitsitse pa intaneti. A Uledi ankangoti tsiku lina adzawoloka. Tsikulo lisanafike, anawanyamula pa jeneza kupita nawo kumanda.

Mwana anali mmodzi yekha, Iman, mtsikana wa Fomu 3. Pa maliro amayi onse analira mpaka mawu kusasa, iye maso gwa, ngati wabwera kudzaonerera za eni. Sadaka ya arubaini, ya masiku makumi anayi, itatha, achibale anagawana malaya ndi zisoti, foni n'kutsala m'manja mwa Iman. Sukulu analeka. Anakhala pampando womwe uja, pakhonde lomwe lija. Chakudya ankachiyang'ana ngati n'cha mlendo, mikono n'kusanduka timitengo.

Tsiku lina chiperoni chinagwa masana, othyola tiyi n'kuweruka msanga, Zulaika naye n'kubwerera mandasi asanathe. Anafika kumbuyo kwa mwana wake mwakachetechete, pakamwa atakonza kale zokalipa. Anasuzumira pa foni.

Minibasi zinali ziwiri. Yakumbuyo, yoyera bwinobwino, ndi imene Iman ankayendetsa. Kutsogolo kunali ina yotuwa, yopyapyala ngati utsi, msewu kuonekera m'kati mwake. Pamwamba pake panalembedwa dzina: ULEDI. Inafika pakona n'kutsetsereka pang'ono kumanzere, mmene ankachitira eni ake dzanja litayamba kufooka. Inafika pa mlatho, inaima. Ndiye inaliza hutala kawiri, pii, pii, kulira komwe kuja a Uledi ankaliza podutsa pa mphambano madzulo kuti madzi osamba aikidwe pamoto. Kenako inazimirira.

Zulaika analoza pagalasi ndi chala.

"Iwe, akuyendetsa iyo ndani?"

"Ababa."

"Ababa ako ali kumanda! Amuna anakawakwirira, wamva?"

"Ndikudziwa, amayi." Iman sanacheuke n'komwe. "Koma muno amayenda. Sindiwapitirira, ndimangowatsatira. Akazimirira ndimayambiranso."

Zulaika analanda foni n'kuikwirira m'thumba la chimanga. Ankayembekeza kulira, kutukwana, ngakhale kumenyana. Ayi ndithu. Iman anangokhala pomwepo, manja ali m'mwamba opanda kanthu, akuwapendeketsa uku ndi uku, milomo ikuyenda. Zulaika anayang'ana manja amenewo mpaka mantha anamukwana, ndipo anakafukula yekha foni ija n'kumubwezera.

M'mawa mwake pa sikelo anauza a Lilly, mnzake wothyola tiyi wa ku Mphuka, amene ankagula mandasi awiri n'kudya atatu.

"Asisi, wakufa akayamba kuitana mwana sasewera," anatero a Lilly akutula dengu. "Amenewo akufuna kondakitala. Chinthucho kachiponyeni m'chimbudzi."

"Ndikaponya, mwana atsatira momwemo. Simunamuone inu."

"Ndiye pitani kwa a shehe anu."

"Ndikati chiyani? A shehe, amuna anga akuyendetsa minibasi m'foni? Andiyesa wamisala."

Anapemphera, koma mtima sunakhale pansi. Mkwiyo wake wonse unali pa a Uledi. Moyo wonse anali munthu wa mumsewu, kunyumba kongogona. Lero wafa, n'kumafunanso mwana mmodzi yekhayo amuperekeze? Zoona zimenezo?

Chiperoni chinakana kuchoka. Dzuwa litasowa, kasola ka padenga kanalephera, foni n'kuzima. Iman anaigwira pachifuwa.

"Akundidikira, amayi. Aima okha pa mlatho."

"Bweretsa ndikatchaje," anatero Zulaika, namanga foni pansonga ya chitenje, nakwera kabaza wa ku Luchenza.

Kumsika kunali kashopu ka Winston, mnyamata wokonza mafoni, wa ndolo khutu limodzi ndi pakamwa posatseka. Foni itayaka, Zulaika anamuuza zonse, wosabisa kanthu. Winston anatsegula gemu, naona minibasi yotuwa ija, naseka.

"Ukuseka chiyani? Pali sewero pano?"

"Pepani masiteni. Si mzukwa uwu. Gemu imasunga ulendo umene munthu anayenda bwino kuposa onse, ndiye imaubwereza kuti wina apikisane nawo."

"Nanga hutala akuliza ndani?"

"Analiza madalawo, tsiku limene ankayenda ulendo umenewu."

"Ndiye ndi iwowo."

Winston anati, "Ngati ikukuopsani, ndiifufute. Kungodina apa basi."

Chala chake chisanafike pagalasi, Zulaika anali atamugwira pamkono, mwamphamvu mpaka mnyamata anati mayo. Zulaika naye anadzidabwa. Koma anaona bwinobwino m'mutu mwake: mwana atsegula foni, msewu uli mbee, bambo ake aikidwa kachiwiri popanda kumuuza. Manja aja opendeketsa mphepo sakanatsikanso.

"Usakhudze. Tandiuza, kutsidya kwa mlathoko iwo amafikako?"

"Ayi. Sanayendekopo, ndiye gemu ilibe choti ibwereze."

"Ukunena zoona, kapena ukufuna kundigulitsa katundu?"

"Zoona, masiteni."

"Tsegula chitsulocho."

Winston anatsitsimuka, malonda afika. Anayamba kumuonetsa zowonjezera zimene zinalipo: penti yofiira, penti ya mbidzi, matayala onyezimira, hutala yoimba nyimbo, magetsi a pansi pa galimoto.

"Izi ndiye zikuyenda, mafana onse akutenga zimenezi."

"Penti?" Mawu a Zulaika anamveka mpaka kwa ogulitsa nthochi. "Mwana wanga akuuma ngati chinangwa cha padzuwa, iwe ukundigulitsa penti? Ukapaka mbidzi, msewu utalika? Azidzafika pa mlatho womwewo atavala zatsopano? Chowonjezera chosakufikitsa kwina n'chonyenga ana, n'kuba kumeneko! Ine ndikufuna msewu. Wautali, woti munthu akalowamo asabwerere pomwe anayambira."

"Ulipo," anatero Winston, mawu atachepa. "Gawo la kumapiri. Matauni ena, milatho ina. Koma ndi lalikulu, netiweki ya lero ivuta."

"Tsitsa. Ndikhala pompano."

Anakhaladi pa benchi, maso pa kamzere kamene kankakwawa ngati nkhono, kuima, kukwawanso. Katadzadza analipira, namanga foni pachitenje.

Mantha enieni anamugwira pobwerera, kabaza akudula m'minda ya tiyi, nkhungu itameza mizere yonse. Nanga mnyamata uja akakhala kuti wanama? Amadziwa mafoni, za akufa akuzidziwira kuti? Mwina chitsulo chija ndicho chinkagwira a Uledi. Mwina iye mwini, ndi manja ake, watsegulira mwamuna wakufa njira, ndipo mwana atsatira kumbuyo monga mwa masiku onse, mpaka kumene sabwerera. Atatsika pa mphambano anatola mwala wodzadza m'dzanja n'kuubisa m'chitenje. Minibasi yotuwa ikangoponda pa mlatho, foni aiphwanya, zina zidzaoneka pambuyo.

Iman anali pakhonde pomwepo. Analandira foni ndi manja awiri ngati wolandira madzi. Zulaika anakoka kampando, nakhala moyandikana naye, dzanja limodzi pamsana pa mwana, lina pa mwala.

Ulendo unayamba. Yotuwa patsogolo, yoyera pambuyo. Pakona paja inatsetsereka kumanzere. Pansi pa chikhatho chake Zulaika ankamva nthiti zokhazokha, ndi mtima wa mwana ukugunda ngati wa nkhunda yogwidwa. Mlatho unaoneka. Chitsulo chinali chitadzuka, chaloza kumwamba, ndipo kutsidya, kumene kunali nkhungu, kunali phula wakuda akukwera phiri.

Minibasi yotuwa inayandikira. Zulaika anakweza mwala m'kati mwa chitenje. Imani, bambo inu, imani, mwana ndi wanga, anatero mumtima.

Inaima. Pii, pii. Inazimirira.

Masiku onse gemu inkathera pamenepa. Lero sinathe. Injini ya Iman inkangolira, msewu uli chitsegukire.

"Watsegula ndani, amayi?"

"Ine."

"Ababa sanawoloke."

"Afika pawo atsikira. Yenda."

"Ndekha?" Mawu anatuluka aang'ono, a mwana wa mkaka.

"Ndekha ndekha chiyani? Ine sukundiona? Ndakwera kalekale. Tiye dalaivala, ndachedwa, ndili ndi katundu."

Iman anakhala kanthawi chala chili m'mwamba. Kenako anadina. Matayala anagunda matabwa a mlatho, gudu gudu, n'kutulukira kutsidya. Kutsogolo kunalibe woti amutsatire. Pakona yoyamba yeniyeniyo sanadziwe pochepetsera liwiro, minibasi n'kukalowa mu ngalande, matayala m'mwamba.

"Ababa akanandiuza," anatero Iman. Anabwerezanso, "Akanandiuza pochepetsa." Pamenepo nkhope inaphwasuka. Foni inagwera pamiyendo, ndipo kulira kumene kunakana kutuluka tsiku la jeneza kunatuluka konse nthawi imodzi, kwakukulu, koipa, mpaka agalu a kwa aneba anayamba kuuwa. Zulaika anamukumbatira zolimba. Mwala unagwa pansi, palibe anautola.

A Lilly, amene ankakhala chapafupi, atamva kulirako anatulukira akuthamanga, mpango uli m'manja, maso ali psuu.

"Asisi! Watisiya? Ndinanena ine, ndinanena!"

"Tsekani pakamwa, palibe wafa," anatero Zulaika, naye misozi ili chuchuchu. "Ndi maliro omwe aja, angofika mochedwa."

Iman analira mpaka kutopa, mutu uli pamiyendo pa mayi ake. Atakhala chete, Zulaika anaika khutu pamsana pake kuti amve ngati akupuma. Ankapuma. Patapita nthawi Iman anadzuka, napukuta mamina ndi nsonga ya chitenje cha mayi ake, nayang'ana beseni limene linali pakhomo.

"Mandasi aja anatha?"

Anali adzana, ouma ngati miyala. Zulaika anamukankhira beseni lonse, namuyang'anitsitsa kukhosi mpaka nthongo yoyamba itatsika.