Famu ya Aimé Itagulitsidwa pa Kandulo

Kandulo yachitatu itayatsidwa, Aimé Parelon analuma mano. Umu ndi mmene khoti linkagulitsira malo a munthu amene banki yamugwira pakhosi: timakandulo titatu tofanana ndi chala, kena kakazima n'kuyatsa kanzake, ndipo wotchula mtengo womaliza kachitatu kasanazime, malowo ndi ake. Tsiku limenelo ankagulitsa famu imene bambo ake anamusiyira, nyumba ya miyala, khola ndi madambo odyera ng'ombe.

Alimi anzake anadzaza mabenchi atapinda manja. Ku Creuse, dera la alimi lakutali ndi Paris, mnansi sagula pa tsoka la mnansi. Pakanasowa wogula, banki ikanakhala nayo famuyo yokha, n'kubwerera kudzakambirana ndi Aimé yemweyo.

Lawi litatsala pang'ono, loya wina anakweza chala. Mafuranki zikwi mazana anayi. Utsi unakwera. Loyayo anacheuka n'kugwedezera mutu munthu amene anamutuma, ndipo munthuyo anali Gilbert Marchadier, wolima tsidya la mpanda, amene Aimé anasaka naye nguluwe zaka makumi atatu.

Odile, mkazi wa Aimé, anamukoka jekete. “Khala pansi iwe. Loya wathu, Mayi Lavaud, anena kuti pempho lathu loti khoti lititeteze kwa angongole lilowa masana ano. Tidikire.”

“Kuteteza chiyani? Maliro aikidwa kale, iwe ukuitana dokotala?”

Aimé anamusiya pomwepo pamodzi ndi loya wawoyo. Anaima pa bala ya panjira, namwa matambula anayi a kachasu wa mapulamu. Dzuwa litapendeka anafika kwawo, n'kupeza Gilbert ali m'dambo lakumunsi, akuyeza ndi mapazi.

“Wafulumira, mnzanga,” anatero Aimé. “Mtembo sunazizire, khungubwe watera kale.”

“Ukanakonda agule wa ku Paris, adzabzale maluwa? Ndakuchitira chifundo. Ukhalabe m'nyumbamo mpaka Khirisimasi. Ukafuna ganyu yokama mkaka, ndikulemba.”

Pambali pa chipata panali chitsulo chokumbira maenje a mpanda. Aimé sanadziwe kuti wachitola liti. Anamenya koyamba pa mkono umene Gilbert anatchinga nawo, fupa linalira ngati nthambi youma. Kachiwiri anamenya pa bondo. Gilbert anagwa n'kumugwira mwendo, nagwetsana m'matope a ndowe. Gilbert anamuluma khutu Aimé mpaka magazi anatsikira m'khosi. Aimé anamukhalira pachifuwa, namusinja nkhonya kukamwa, kamodzi, kawiri, mpaka zala zake zinang'ambika ndi mano a mnzakeyo.

“Yeza tsopano,” anatero akupuma mwawefuwefu. “Yeza ndi nthiti.”

Gilbert analavula dzino. “Menya mpaka utope. Pepala lili ndi dzina langa.”

Mawu amenewo ndiwo anamudzutsa Aimé. Anapita kukhola, natsekulira ng'ombe zonse, nazikusira kutali ndi chikoti. Ng'ombe sizinalakwe. Kenako anatenga zigubu ziwiri za dizilo wa thirakitala, nathira pa udzu wouma umene iye ndi Odile anaunjika chilimwe chonse. Pafamupo nyumba ndi khola zinali pansi pa denga limodzi. Ankadziwa. Anakhwatcha machesi.

Moto unayamba mwaulesi, kenako unabangula. Mapale a denga anaphulika ngati mfuti za alenje. Unalowa m'chipinda chimene iye anabadwiramo, unadya wotchi ya agogo ake, bedi, mabokosi a nsalu za Odile. Aimé anakokera Gilbert pa kolala mpaka pabwalo kuti aone bwino.

“Nayo famu yako. Wagula pa kandulo, landira pa kandulo.”

Galimoto ya Mayi Lavaud inafika denga la khitchini likugwa. Odile anatsika ali ndi pepala m'manja. Loyayo anayang'ana munthu wothyokathyoka pansipo, nayang'ana moto.

“Bambo Parelon, mwachita chiyani?”

“Ndawotcha za Marchadier. Ndimangeni.”

“Jaji wavomera pempho lanu. Muli m'chitetezo cha khoti.”

“Wavomera masana. Famu inapita m'mawa.”

“Chigamulo chotere sichiwerengedwa kuyambira ola limene chanenedwa. Chimagwira tsiku lonse, kuchokera pamene tsikulo linayambira. Pamene ankayatsa makandulo aja, banki inalibenso mphamvu yogulitsa. Malonda aja ndi opanda pake. Ndimati ndikuuzeni, koma munali mutatuluka.”

Aimé anapukuta magazi m'khosi. “Ndiye nyumba ikupsayi ndi ya ndani?”

“Ndi yanu, Bambo Parelon.”

Gilbert anayamba kuseka, magazi akuchita thovu pamilomo. “Ndalama zanga andibwezera. Iwe nanga akubwezera ndani, mnzanga?”

Odile anayenda pang'onopang'ono mpaka pamaso pa mwamuna wake. Anamuwomba mbama imodzi ndi dzanja lomwe linali ndi pepala lija, kenako anamupanikizira pepalalo pachifuwa.

“Gwira. Maola asanu ndakhala pa benchi chifukwa cha ichi.”

Kumsewu kunamveka kulira kwa galimoto ya apolisi. Odile anatola chikoti, natsikira kudambo kukasonkhanitsa ng'ombe, poti nthawi yokama inali itakwana.