Malo a Hakimu pa Mzere wa Kabaza

"Odi kuno!" Magret anaodira kachitatu, koma chitseko cha a Hakimu chinangoti phee. Njinga yawo ya kabaza inali itayedzamira mtengo wa mango, matayala ali ndi matope atsiku lomwelo.

"Wobisala sasiya njinga panja, a Hakimu. Ine ndili pompano mpaka mutuluke."

Amene anayamba kutuluka ndi akazi awo, a Bushra, amene anayala mkeka mwamanyazi. Patapita kanthawi eni nyumba nawo anatulukira, maso ali pansi.

Miyezi isanu ndi itatu inali itatha mwamuna wa Magret, Edson, ali m'ndende pa mlandu wakupha. Nkhaniyo panalibe amene sanaimve. A Solomon Nampinga, mwini zigayo zitatu ku Chigaru, anaphedwa dzuwa likuswa mtengo ndi mphwawo Potiphar chifukwa cha mkangano wa munda. Mawailesi anaisenza pamutu, ndipo m'minibasi za ku Lirangwe aliyense, ndi kondakitala yemwe, anali atasanduka woweruza. Tsoka la Edson linali lakuti ndiye anakweza Potiphar pa njinga kukamutula pa chigayo, chikwanje chili chokulungidwa m'chiguduli.

Potiphar anali atavomera kale. Chimene khoti linkafuna kudziwa n'chakuti kodi Edson ankadziwa kapena ayi. Pa siteji ya kabaza pa Lirangwe okwera amatengedwa motsata mzere, ndipo wodumpha mnzake amathamangitsidwa. Tsikulo Edson anali kumchira kwenikweni, anzake asanu ndi mmodzi ali patsogolo, koma ndiye ananyamula Potiphar. Loya wa boma anakakamira pomwepo, nati nkhanga zinapangana kusanapse. Edson anafotokoza kuti malowo anachita kupatsidwa ndi a Hakimu, koma mawu a woimbidwa mlandu amafuna wowachirikiza, ndipo anzake apasiteji onse anali atasanduka akhungu.

"Mlamu, khoti si bwalo la mpira," anatero a Hakimu. "Ndikakanena kuti malo anali anga, sakati ndine ndinapangana naye n'kukankhira mnzanga? Ana angawa adzadya chiyani?"

Magret anali atabwera ndi mawu akuthwa, koma ataona m'mene bamboyo anaondera, anawameza.

"Sindinabwere kudzakunenani, ayi. Tsiku lija amuna anga, bambo a Pempho, anafika kunyumba ndi usipa, akuti lero tadya chifukwa cha a Hakimu. Munawachitira chifundo, ine ndikudziwa. Ndangobwera kudzapempha kuti chifundo chanucho muchimalize."

Anayankha ndi a Bushra, akuyang'ana amuna awo.

"Bambo a Imran, chiyambire mlanduwu chakudya chikungobwerera m'mbale. Mukuti mukuthawa ndende, koma kuno mwadzitsekera nokha. Mnzako akapsa ndevu m'zimire."

"Ndevuzo ndili nazo ndine," anatero a Hakimu akuzisisita. "Zikapsa muzima ndinu?"

Onse atatu anaseka pang'ono. Magret anabwerera kwawo wopanda yankho, mtima uli m'malere.

Lachiwiri lotsatira, khoti lalikulu ku Blantyre linadzaza mpaka pakhonde, atolankhani ali piringupiringu. Magret anakhala kumbuyo, ndipo ankaopa ngakhale kuyang'ana ku khomo. Atamva dzina la mboni likuitanidwa, anadzutsa mutu. Anali a Hakimu, atavala mkanjo wawo woyera.

"Munthu wofuna ndalama angapereke bwanji malo ake?" anafunsa loya wa boma.

"Linali Lachisanu, bwana. Kumzikiti akaitana, ine sindikweza munthu, ngakhale akhale wopita kutali ngati ku Mdeka."

"Bwanji simunapatse wotsatira pa mzere?"

"Lamulo lathu limati mwini malo apereke kwa amene wamufuna. Edson chiyambire m'mawa anali asanakweze ngakhale mbuzi."

Anthu anaseka, woweruza nawakhalitsa chete. Loya uja sanaseke.

"Mukudziwa bwanji kuti Potiphar sanabwere kudzafuna Edson?"

"Chifukwa anali atakhala kale pa njinga yanga, bwana, chiguduli chake chili pamiyendo. Ndinamutsitsa ndine. Anakwiya, akuti ndikumuchedwetsa, ndipo pofuna kuloza Edson anati 'wamalaya ofiirawo', dzina lake osalidziwa." A Hakimu anapumira pang'ono. "Akanafika msanga ndi mphindi zisanu zokha, woima m'bokosi umo ndikanakhala ine."

Potiphar atafunsidwa ngati izi zinali zoona, anangogwedeza mutu kuvomera.

Chigamulo chinaperekedwa patatha masabata atatu. Woweruza anati Potiphar ananola chikwanje dzulo lake, choncho kuphako anachita kukonzekera, ndipo anamugamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Za Edson anati kukweza munthu si mlandu, mlandu ndi kudziwa zimene wakonza n'kumuthandiza. Magret sanamve zotsalazo. Analira ngati mwana, ndipo panja anagwada pafumbi kutsogolo kwa a Hakimu, anthu onse akuona.

"Dzukani mlamu, mundichititsa manyazi. Miyezi yonse ija ndinali kuti?"

"Kumene munali sindikufunsa. Ndikuthokoza kuti munabwera."

M'mawa mwake Magret anapita kwa a Hakimu ndi tambala wake wamkulu, amene ankasungira Khirisimasi. Anamutengera wamoyo, miyendo atamanga ndi luzi.

"Muzinge nokha mwa Chisilamu," anatero. "Ndikanazinga ine, mukanangomuyang'ana."

"Uyu ndiye wagamulidwa popanda loya," anatero a Bushra, akumulandira ndi manja awiri.

Njinga ya Edson inali isanabwezedwe, poti inasungidwa ngati umboni. Lachisanu lake iye anangopita pa siteji kukacheza, atakhala pa benchi pafupi ndi pamene Magret amagulitsira tomato. Anzake aja amene anali akhungu tsopano ankamuona bwinobwino, aliyense akulumbira kuti ankamupempherera.

Dzuwa litafika pamutu, kumzikiti anaitana. A Hakimu, amene anali kutsogolo kwa mzere, anatsika pa njinga n'kuikankha mpaka pa benchi paja.

"Edson, tenga malo anga. Tenganso ndi njinga yomwe."

Onse pa siteji anatembenukira kwa Edson. Magret anaona mwamuna wake akuzengereza, ndipo naye anakumbukira kumene mawu omwewo anawafikitsa. Koma anakumbukiranso m'mene a Hakimu anaimira m'khoti muja.

"Landirani, bambo a Pempho," anatero. "Wopereka ndi yemwe uja."

Edson anaimirira n'kugwira mahandulo. Wokwera anali mayi wachikulire wa ku Chigaru, atanyamula thumba lomanga pakamwa.

"Pepani mayi, m'thumbamo muli chiyani?"

"Mbatata, mwanawe! Kodi kabaza masiku ano wayamba upolisi?"

Anthu anafa nazo nseko. Edson anamanga thumbalo kumbuyo, nakweza mayiyo, nayamba kupalasa kulowera njira yomwe ija ya ku Chigaru. Magret anamuyang'ana mpaka atazimiririka, kenako anasankha tomato wabwino kwambiri pa mulu wake n'kumuika pambali kuti a Hakimu akatuluka mu mzikiti apite naye kwa a Bushra.